Uthenga wa Maliro Uli ndi Mwini Wake

Sabata ino ndapempha a admin kuti tipumeko kaye pa zosanthula ndakatulo ndi nthano, tiyang'ane zolemba zina zomwe tonsefe timalemba koma sitizitenga ngati zolemba: zija timaponya pa Facebook ndi pa status ya WhatsApp munthu akamwalira. Ndikudziwa ena mwayamba kale kung'ung'udza kuti izi si za gulu la alembi. Werengani kaye mpaka kumapeto, mukatero mundiweruze.

Ndiyambe ndi zomwe zidandichitikira ine. Chaka chatha, Lachinayi lina m'mawa, ndili mu minibasi yochokera ku Limbe, ndidatsegula foni kuti ndione ma status poti galimoto idaima pa Chichiri kudikira anthu. Status yachitatu inali ya mnyamata wina wa kwathu, amene ndidasunga nambala yake chifukwa amandigulira chimanga nthawi yokolola. Chithunzi chinali cha malume anga, chochita kudula pa chithunzi cha ukwati wa mchemwali wanga. Pansi pake panali zilembo zitatu, RIP, ndi tinkhope tiwiri tolira. Malume amenewa ndi amene adandilipirira fizi kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4. Dzulo lake madzulo ndinali nditacheza nawo pafoni, akungodandaula mutu basi.

Kondakitala akundifunsa ndalama, ine manja ali njenjenje, ndidaimbira mayi kumudzi. Ndidayamba ndi kulira poganiza kuti akudziwa kale. Iwo anali kudimba, sankadziwa kanthu. Amayi awiri amene abale adawatuma kuti akawatenge kudimbako anali akadali m'njira. Choncho mayi anga, munthu wodwala BP, adamva za imfa ya mlongo wawo mmodzi yekhayo kuchokera kwa ine, pafoni, ali okhaokha pakati pa mpiru ndi tomato. Mnyamata uja ndimamukwiyirabe pang'ono, koma ndikakhala pansi ndimaona kuti nanenso ndidalakwa. Ndidathamanga monga momwe adathamangira iyeyo.

Mnyamatayo analibe mtima woipa. Pamaliropo adagwira ntchito kuposa abale ena, adakumba nawo manda, adagona panja masiku onse. Nditamufunsa patapita sabata, adati ankangofuna kuonetsa kuti zamukhudza. Nkhani yathu yagona pamenepa, abale. Ambiri amene amatipweteka pa masamba a mchezo ndi anthu abwinobwino, oleredwa bwino, amene pamaso pa anthu sangayerekeze n'komwe kuchita zomwe amachita ndi chala chimodzi pafoni.

Tikumbutsane mmene uthenga wa zovuta umayendera kwathu. Miyambo imasiyana, za ku Karonga si za ku Dedza, za ku Dedza si za ku Mangochi, koma mfundo imodzi mudzaipeza kulikonse: munthu akatsirizika, si aliyense amene amatsegula pakamwa. M'midzi yambiri ngakhale kulira mokweza kumadikira kaye amfumu auzidwe. Eni mbumba amakhala pansi n'kugawana kuti kwa uje apite ndani, kwa uje apite ndani. Wotumidwayo amakhala munthu wokhwima maganizo, wodziwa kusunga nkhope. Akafika amaodira, amakhala pansi, amalandira moni, ndipo kawirikawiri sanena zonse. Amangoti matenda aja akula, tiyeni mukawaone. Womvayo amadziwa ndithu tanthauzo lake, koma wapatsidwa mpata woti mtima ufike pang'onopang'ono pa choonacho, pambali pake pali munthu woti amugwire akagwa. Zonsezi zikachitika ndi pamene amaika masamba pamsewu, wapanjinga n'kumatsika, wagalimoto n'kumachepetsa liwiro, wachipewa n'kumavula.

Wailesi itabwera idatsata dongosolo lomweli. Inu amene mudakula mukumvera mauthenga achisoni pa MBC mukukumbukira kaumbidwe kake: wamwalira ndani, wa m'mudzi mwa yani, mfumu yaikulu iti, boma liti, mwambo woika m'manda uchitika liti, uthengawu ukupita kwa yani, ndipo wautumiza ndani. Ife alembi tichite chidwi ndi mbali yomalizayi. Uthengawo unkakhala ndi dzina la mwini wake. Ukalakwika, anthu ankadziwa wokamufunsa.

Tsopano ikani pambali pake uthenga wa masiku ano, muusanthule monga timasanthulira zolemba m'gulu muno. Chithunzi, RIP, kankhope kolira, basi. Sukunena kuti wolembayo wamva kwa ndani. Sukunena ngati abale akudziwa. Sukunena kuti maliro ali kuti kuti wofuna kukakhuza anyamuke. Ulibe munthu amene ukumulankhula, ukungomwazika ngati mankhusu, ndipo ungagwere m'maso mwa mwana wa malemuyo ali m'kalasi kapena mkazi wake akuyendetsa galimoto. Mukaufinya bwinobwino, chomwe ukunena n'chimodzi: ine ndamva kale, ndipo ndamva inu musanamve. Mwininkhani wa cholembachi ndi woponyayo, womwalirayo wangokhala chithunzi chokometsera.

Ndiye tsikirani ku ma comment. "Chachitika n'chani?" "Amadwala?" "Si uja ankayenda ndi uje uja?" "Mundiuze ku inbox." Mafunso oti pasiwa simungawafunse mokweza, pokhapokha mutaledzera, akufunsidwa poyera, pamalo pomwe mayi wamasiye ndi ana ake adzawerenge usiku tulo tikawathawa. Choipa kwambiri n'chakuti oyankha sasowa. Wina akuti ndi poizoni, wina akuti wadzipha, wina akuti ndi matenda aja, wina akuti zizimba zamutembenukira. Ola limodzi lisanathe, chomwe chapha munthu chagamulidwa ndi anthu oti ngakhale kuchipatala sadakamuoneko. Banja liika maliro tsiku limodzi, koma mphekesera zimenezi lidzalimbana nazo zaka.

Pa zithunzi ndiye zafika posauzana. Ikachitika ngozi pa msewu wa M1, ofika msanga ambiri amayamba ndi kutulutsa foni. Munthu akubuula m'chigalimoto chophwanyika, wina akusaka mbali yomwe dzuwa silikumusokoneza kujambula. Tidaziona nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene matupi a anthu ofukulidwa m'matope ku Chilobwe ndi madera ena a kum'mwera ankayenda m'magulu a WhatsApp ngati zithunzi za mpira. Tidazionanso mu Juni 2024, ndege itagwa ku Chikangawa. Ena amati zithunzi zimathandiza kuti dziko lione kukula kwa tsoka ndipo thandizo libwere. N'zoona, zithunzi za milatho yoduka, nyumba zokokoloka ndi anthu osowa pogona zidagwedeza mitima ya ambiri ndipo adapereka. Koma nkhope ya mwana wakufa ikuwonjezera chiyani pamenepo? Kwathu kuno munthu akafera panjira, mayi wodutsa amamasula chitenje chake n'kumufunditsa ngakhale sakumudziwa. Chitenje chimenecho chimanena kuti uyu ndi munthu, ali ndi kwawo, asaonedwe chonchi. Wojambula n'kutumiza uja akuchita kuvundukula chitenjecho kuti dziko lonse lisuzumire.

Nanga anthu amoyo tawapha kangati? Oimba, andale, abusa, aphunzitsi athu akale, angati adadzuka m'mawa n'kupeza akupepesedwa okha? Bodza lotere limayenda chifukwa aliyense amadzichotsa mlandu ndi mawu aja akuti forwarded as received. Mawu amenewa ndi chimodzimodzi kunena kuti ine ndangosenza, za m'katimu sindikuzidziwa. Koma amene walandira walandira kwa inu, ndipo wakhulupirira chifukwa amakudziwani inuyo. Eni WhatsApp okha vutoli adaliona. Mu 2019 adachepetsa kuti uthenga uzitumizidwa malo asanu okha nthawi imodzi, ndipo mu 2020 adati uthenga womwe wayenda kale kwambiri uzitumizidwa malo amodzi okha. Uthenga wotere amauika chizindikiro cha mivi iwiri pamwamba. Mukaona mivi imeneyo dziwani kuti chinthucho chadutsa m'manja ambiri ndipo mwini wake sakudziwikanso. Safunsa adadya phula.

Ena mukuti nanga boma lili kuti. Lamulo lilipo, la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, lomwe limati kuzunza, kuopseza kapena kusowetsa mtendere munthu kudzera pa intaneti ndi mlandu, ndipo anthu adamangidwapo. Mtsutso ulipo wa momwe lamuloli limagwiritsidwira ntchito, poti ena amati limatseka pakamwa odzudzula, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Chomwe ndikunena pano n'chakuti apolisi sangatithere vutoli. Palibe ndime ya lamulo yomwe ingamange mnyamata wa kwathu uja chifukwa choponya RIP mayi anga asanamve. Sadaphwanye lamulo la boma, adangodumpha mwambo.

Tsopano ndibwere pakhomo pathu, ife alembi, poti chala sichiloza kutali kokha. Akangomwalira munthu wotchuka, ola silitha gulu lino lisanadzaze ndakatulo. Ndakhala ndikuziwerenga, ndipo mundikhululukire, zambiri ndi ndakatulo imodzi yomweyo yongosintha dzina. Imfa ndi yankhanza, mtengo waukulu wagwa, nyenyezi yazima, manda sakhuta, tidzaonana tsidya lija. Chotsanipo dzina la woimba muikepo la mphunzitsi, ikwana. Muikepo la agogo anu, ikwananso. Ndakatulo yokwana aliyense siyikulira aliyense. Ena amafika pofukula ndakatulo yomwe adalembera maliro a mwezi watha, kusintha mizere iwiri, n'kuiponyanso. Ena amangotola ya mnzawo, kuchotsa dzina la mwini n'kuikapo lawo, kuiwala kuti dziko lino lili ndi lamulo la Copyright la 2016 komanso bungwe la COSOMA loteteza ntchito za aluso. Kuba pamaliro, abale, ngakhale kumudzi amakuthamangitsa.

Ngati mukufuna kuphunzira kulemba ndakatulo ya maliro, kakhaleni pasiwa mumvetsere mayi amene wataya mlongo wake. Iye satchula nyenyezi. Amaitana malemuyo ndi dzina lomwe ankamuitana ali ana. Amafunsa kuti denga lija adalonjeza kudzafolera mvula isanagwe afolera ndani. Amakumbutsa za tsiku lomwe adamunyamula panjinga usiku kupita naye kuchipatala. Amatchula ana mmodzimmodzi n'kufunsa kuti awasiyira yani. Palibe mawu ake amene mungawasamutsire pa maliro a munthu wina, n'chifukwa chake amagwetsa misozi ngakhale kwa odutsa m'njira. Ndakatulo yotere imafuna kuti umudziwe munthuyo, kapena ufufuze za iye, ndipo imafuna nthawi. Ndakatulo yobadwa mphindi 40 munthu atatsirizika imakhala ikupikisana ndi ndakatulo zinzake kuti iyambe kufika, ilandire ma like ambiri anthu asanatope. Matenda ake ndi omwe aja a mnyamata wa status, kungoti ife tawaveka mikuluwiko.

Pamwambo peniweni napo foni yatisokoneza. Mayi wamasiye akugubuduka ndi chisoni, wina wamuyandikizira foni kumaso ali live pa Facebook. Ena akudzijambula pafupi ndi manda, milomo atapinda, nkhata zamaluwa zili kumbuyo ngati zokongoletsa pa ukwati. Ena akujambula bokosi kuti anthu akambirane mtengo wake. M'gulu lomwe latsegulidwa kuti abale asonkhe chipepeso, wina waponyamo malonda a nsapato, wina watenga mndandanda wa osonkha n'kuutumiza kwina kuti anthu aseke amene wapereka K1,000. Palinso akamberembere amene amaponya nambala yawo ya Airtel Money kapena Mpamba ngati ya anamfedwa. Onsewa amapezerapo mwayi chifukwa uthengawo udayamba kuyenda wopanda mwini.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti titaye mafoni. Akuluakulu amene muli m'gulu muno mukudziwa mmene zinkakhalira kale, telegalamu kufika maliro ataikidwa, munthu kumangofikira kuonetsedwa mtumbira. Lero m'bale amene ali ku Johannesburg amamva tsiku lomwelo. Wina akamwalira ku Cape Town, magulu a WhatsApp ndi amene amasonkha ndalama zobweretsera thupi kumudzi. Mwana amene ali ku London, amene sangakwanitse kubwera, amatsanzikana ndi bambo ake kudzera pa vidiyo yomwe banja lavomereza. Zonsezi n'zabwino, ndipo mwaona kuti pa zonsezi banja ndi lomwe lili patsogolo. Foni yafupikitsa mtunda, koma funso la makolo lija likadalipo: woyenera kunena ndani, ndipo woyenera kumva poyamba ndani?

Wina anena kuti status ndi yanga, foni ndi yanga, bandulo ndagula ndekha. Zoona. Wailesi ya m'nyumba mwanunso ndi yanu, koma kukagwa zovuta kwa aneba simuikweza. Wina anena kuti nanenso ndi chisoni changa, ndilire mmene ndikufunira. Lirani ndithu, palibe akukuletsani. Koma chisoni chili ndi mipando yake. Pasiwa mnzake wa kuntchito sakhala pamalo pa mkazi wa malemu, ngakhale ankakondana bwanji. Kudikira maola ochepa kuti eni ake amve mwaulemu sikuchepetsa chikondi chanu pa womwalirayo.

Ndiye tichite bwanji? Mukamva za imfa, gwirani kaye chala. Funsani munthu wapafupi ndi banjalo, koma osati mwini chisoni weniweni, ngati n'zoona komanso ngati abale onse auzidwa. Ine phunziro ili ndidaliphunzira mowawa mu minibasi muja. Dikirani banja lilengeze, ndipo polemba nenani kuti mwamva kwa banja, mutchule komwe kuli maliro ndi tsiku loika ngati eni ake alola. Chithunzi chikhale cha munthuyo ali moyo, ali bwino, chomwe iye mwini akadakondwa nacho, osati cha pabedi la kuchipatala. Chomwe chamupha musafunse pagulu, ndipo mukachidziwa musachinene. Nambala yolandirira chipepeso itsimikizeni kwa wachibale musanaitumize kwina. Kupepesa kwenikweni ndi kuimba foni kapena kupita, poti maliro n'kulirana, ndipo RIP ya pa comment siyitunga madzi kapena kuwaza nkhuni. Mukazindikira kuti mwaponya zabodza kapena mwafulumira, fufutani ndipo mupepese poyera pomwe mudalakwirapo. A admin a magulu athu nawo asamachite manyazi kuchotsa chithunzi cha mtembo, ngakhale woponyayo akhale bwana wawo. Ife olemba ndakatulo, tiyeni tizidzipatsa ngakhale sabata imodzi. Yomwe idzatsale m'mtima sabatayo ikatha ndiyo yoyenera kulembedwa.

Zizolowezi zina zotopetsa mukuzidziwa, sindichedwapo. Uja amalemba "Hi" ku inbox, mukayankha alembanso "Hi", osanena chomwe akufuna. Uja amatumiza VN ya mphindi 9 pa nkhani yokwana mzere umodzi. Uja amakulowetsani m'gulu osakupemphani, mukatuluka n'kukubwezeranimo. Uja amaopseza kuti mukapanda kulemba Amen kapena kutumiza uthenga kwa anthu 10 muona malodza. Uja amatenga screenshot ya zomwe mudamuuza mwachinsinsi n'kukaziyanika pagulu. Uja amaimba vidiyo pakati pa usiku osayamba wafunsa. Zimenezi zimangokwiyitsa, sizifanana ndi za maliro zomwe zimasiya bala, koma muzu wake ndi umodzi. Tonse tidaphunzitsidwa kunena odi tisanalowe m'nyumba ya munthu, n'kudikira atiyankhe. Foni imatilowetsa mpaka kuchipinda kwa munthu nthawi ina iliyonse, ndipo odi uja tidamusiya pakhomo.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku lina chithunzi chomwe chidzayende m'ma status chidzakhala cha munthu wa m'nyumba mwanu, ndipo mudzafuna kuti mayi anu amve ali chikhalire, pali wowagwira dzanja. Mayi anga mpaka lero foni ikalira ali kudimba sayankha. Amaisiya ilire mpaka isiye, amalize kuthirira, afike kunyumba, akhale pamkeka, ndiye n'kutuma mdzukulu kuti aone amene amaimba.

Ndikufuna ndimve kwa inu, makamaka a kumpoto ndi a m'mbali mwa nyanja: kwanuko uthenga wa maliro umayenda bwanji, ndipo ndi ziti zomwe tingazitengere pafoni? Amene mukuona kuti ndaonjeza pa nkhani ya ndakatulo ija, bwerani nazo, tikambirane mwaulemu. Chonde musatchule maina a anthu kapena kuponya zithunzi za maliro pofuna kupereka chitsanzo. Sabata yamawa tibwerera ku nthano zathu.